Kodi chaulere chimasiya ngongole?

Ngati foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi ndi ya Android, m'kati mwake muli ntchito ya munthu wina wa ku Finland amene simunamulipirepo ngakhale tambala. Dzina lake ndi Linus Torvalds. Mu Ogasiti 1991, ali ndi zaka 21 komanso akuphunzira pa yunivesite ya Helsinki, analengeza pa intaneti kuti akulemba pulogalamu yoyendetsa kompyuta, yongotayirapo nthawi basi. Pulogalamuyo ndi Linux. Lero Android inamangidwa pamwamba pake, ndipo kuyambira 2017 makompyuta 500 amphamvu kwambiri padziko lapansi onse amayendera Linux.

Kutchukako sikundizunguza mutu. Chimene ndimachiganizira ndi lamulo limene anaiperekera. Mu 1992 anaika Linux pansi pa laisensi ya GPL, yochokera kwa Richard Stallman, amene anayambitsa ntchito ya GNU mu 1983. Mfundo yake ndi yakuti tenga, gwiritsa ntchito, sintha, kaya gulitsa, koma ukamapatsa ena zimene wasinthazo uwapatsenso malemba onse a pulogalamuyo kuti nawonso athe kusintha.

Ndiye mphatso yobwera ndi lamulo ikadali mphatso? Alipo amene amati ayi, wopatsa weniweni salondola kumene chapita chinthu chake. Iwowa amakonda laisensi ya BSD, imene imalola kampani kutenga, kusintha, n'kutseka chitseko. Mfundo yawo si yopepuka. Komabe ine ndili mbali ya Stallman. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, koma apa woikayo sakudziikira yekha. Lamulo lija silibweza kanthu m'thumba mwa Torvalds. Limateteza munthu wachitatu, amene onse awiri, wopatsa ndi wolandira, sadzamuonapo. Sizodabwitsa kuti Mark Shuttleworth wa ku South Africa, potulutsa mtundu wake wa Linux mu 2004, anautcha Ubuntu, mawu amene ife timati umunthu.

Koma tisanamizane, chaulere chili ndi amene akuchisenza. Mbali yaikulu ya Linux masiku ano imalembedwa ndi anthu a pa malipiro m'makampani ngati Intel, Google ndi Red Hat, ndipo Red Hat yomweyo inagulidwa ndi IBM mu 2019 pa madola 34 biliyoni. Amenewo sindiwadera nkhawa. Nkhawa yanga ili pa tizidutswa ting'onoting'ono timene Linux imayenda nato, tosamalidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, usiku, ataweruka kuntchito. Zili ngati mjigo wa pamudzi: aliyense amatunga, koma ukathyoka anthu amangoyang'ana kwa bambo mmodzi yemwe uja wa sipanala, ena n'kumamukalipira kuti akuchedwa. GPL imakakamiza kugawana malemba. Siikakamiza wina aliyense kufunsa ngati wa sipanalayo wadya. Ngongole imene ndikuiona ili pamenepo, ndipo makampani amene amapha makwacha ndi madzi a mjigowo ndiwo ali nayo yaikulu, osati inu ndi ine ogula bando ya tsiku limodzi.

Mu Malichi 2024 zinatsala pang'ono kuipa. Kapulogalamu kotchedwa xz, kopanikiza mafayilo kuti achepe, kamapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri kankasamalidwa ndi munthu mmodzi wongodzipereka. Atatopa, panabwera wina wodzitcha Jia Tan, waulemu, wothandiza, wosadandaula. Anagwira ntchito zaka pafupifupi ziwiri mpaka kumukhulupirira, kenako anabisamo khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a eni ake. Chiwembucho chisanafalikire, Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene ankayesa zinthu zina ndithu, anadabwa kuti polowa mu kompyuta yake pakuchedwa ndi theka la sekondi, ndipo anayamba kufufuza.