Ngongole ya Wokwera Phiri

Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Mulanje ndi ulendo wa makilomita opitirira 700. Komabe mumzinda muno alimo achinyamata amene amasunga ndalama miyezi ingapo, n'kukwera basi tsiku lathunthu kuti akaponde pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 yomwe ndi yaitali kuposa zonse m'Malawi. Akabwerako amachonga m'kabuku n'kuyamba kuwerengera zotsala: Chambe, Namasile, Nganda ku Nyika, phiri la Dedza ndi la Zomba. Chimene amafuna n'choti tsiku lina adzanene kuti zonse anazimaliza.

Mchitidwewu si wa kuno kokha. Ku Scotland, Hugh Munro anatulutsa mu 1891 mndandanda wa mapiri otalika kupitirira mafiti 3,000, ndipo lero pamndandandawo pali mapiri 282. Anthu okhala kutali amatha zaka zambiri akuwakwera limodzilimodzi. Mwini wake anamwalira mu 1919 asanawamalize.

Kodi moyo wotere ndi wabwino? Ena amati n'kutaya ndalama zimene zikanalipirira mwana sukulu. Pamene banja likuvutikadi chifukwa cha maulendowa, mawuwo ndi oona. Koma kukwera phiri pakokha si tchimo. Wokhala kutali amaphunzira kudikira ndi kudzimana, ndipo phiri limathyola kudzikuza. Chifunga chikatsika pa Chisepo, wadigiri ndi wosaphunzira yemwe amamvera wolondolera njira.

Vuto lenileni lili pena. Mndandanda umatha kusandutsa phiri kukhala nambala chabe. Mlendo ndi mame: wafika Lachisanu, Lolemba wapita. Amene anamusenzera chikwama kuchokera pa Likhubula amatsala pomwepo ndi mawondo owawa. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa, matope ndi miyala zinagumuka m'phiri n'kukwirira midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anafa ndi okhala m'munsi mwa phirilo. Kwa iwo Mulanje ndi madzi, nkhuni, manda a makolo ndi ngozi yomwe. Wakutali amatengako chithunzi, zolemetsa zonse n'kusiyira eni ake.

Choncho wokwera phiri ali ndi ngongole ziwiri. Yoyamba ndi ya kumene wapitako: kulipira osenza katundu mosanyinyirika, kuwadziwa mayina awo, kutsika ndi zinyalala zake, ndi kukana kugula zosema za mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lino umene watsala pang'ono kutheratu.

Yachiwiri ndi ya kwawo, ndipo ndiyo imaiwalika msanga. Nkhalango ya Kaning'ina sili pamndandanda wa munthu aliyense, ndipo palibe amene amatamandidwa pa Facebook chifukwa choyendamo. Koma ndiyo imasunga madzi olowa m'damu la Lunyangwa, omwe amatuluka m'mipope ya mumzinda muno. Mitengo yake ikamatha ndi makala, si ootcha okha ali ndi mlandu, pakuti ambiri mwa iwo akuthawa njala, ndipo thumba lililonse lili ndi woligula. Munthu amene walirira mkungudza ku Mulanje, n'kubwera kudzagula makala osafunsa kumene achokera, ndiye kuti wakwera phiri ndi miyendo yokha.

Kabuku kochongamo kamathandiza pamene kamutulutsa munthu m'nyumba n'kumutsegula maso. Kakayamba kumuchititsa kuona mapiri ngati katundu wake, kamusocheretsa. Nsonga ziwerengedwe ndithu, koma wowerengayo akatsika m'basi ku Mzuzu, ayang'anenso kum'mawa kwa mzindawu. Dzinja likubwerali, mbande zodzala ku Kaning'ina zidzafuna miyendo yozolowera chitunda ngati yakeyo.