Khutu Losalimba

Kodi chinthu chomva bwino chingakhalenso cholimba? Funsoli limandibwerera ndikaganiza za maikolofoni ya Coles 4038, imene akatswiri a BBC adakonza m'zaka za m'ma 1950. M'kati mwake muli kariboni ka aluminiyamu kopyapyala kuposa tsitsi, komangidwa pakati pa maginito. Mawu akakakhudza kamanjenjemera, ndipo liwu limatuluka lofewa, lopanda ukali. Koma ukaiuzira mpweya, monga timachitira poyesa maikolofoni pa ukwati, kariboniko kamatamuka, mwina kuduka kumene. Poisunga amaiimika chilili, poti ikagona nthawi yaitali kamalendewera.

Ine ndidakula ndikuuzidwa kuti mwamuna salira. Anzanga ena adaumitsadi mitima, ndipo palibe chimawathyola. Koma ukawadandaulira samva. Sindidziwa ngati ndiwachitire nsanje kapena ndiwamvere chisoni.