KODI KUDZIMANA NDI UMBOMBO?



Tsiku lina titatuluka m'Misa, mai wina anandifunsa nati: "Bambo Mfumu, ine ndi amuna anga tinapangana kuti pa tsiku tisamaononge ndalama yoposa ya mchere, sopo ndi kuchigayo, kuti tipeze ya feteleza. Ndiwo zathu ndi mfutso ndi therere, tiyi tinaleka. Tsono anansi akutiseka kuti ndife aumbombo. Kodi tikuchimwa?" Funso limeneli nlolemera ndithu, ndipo ndaganiza kuliyankha pano kuti nanunso mumve.

Poyamba tikumbuke m'mene chaka chimayendera kuno kwathu. Kuyambira mwezi wa Epulo fodya amapita ku okushoni ku Kanengo, mtedza ndi soya zimagulidwa, ndipo ndalama imalowa m'mudzi nthawi imodzi ngati madzi osefukira. Pamenepo pa Nsaru, pa Mpingu ndi pa Namitete pamakhala chikondwerero: nyama yootcha, mowa, ndi zogula zimene munthu sanaziganizepo pochoka kunyumba. Mavenda amakoleka masikelo ao m'mbali mwa mseu, nagula chimanga pa mtengo wozizira. Koma pofika Januwale ndi Febuluwale, yemwe uja anagulitsa amabwerera kukagula chimanga chomwecho pa mtengo wowawa. Amagwira ganyu m'munda wa mnzake pamene wake ukusanduka thengo, kapena amakagwada kwa a katapila. Agogo athu amasimba za njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso athu ya 2002. Nanga munthu wodzimana lero poopa masiku oterewa tingamutche wochimwa? Iyai.

Malembo Oyera amatiphunzitsa zomwezo. Yosefe, mwana wa Yakobe, analangiza Farao kuti pa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu dzambiri azipatula limodzi mwa magawo asanu a zokolola, ndipo ndi nzeru imeneyo dziko la Ejipito linapulumuka, pamodzi ndi abale ake omwe anamugulitsa aja. Ambuye Yezu, atadyetsa khamu la anthu zikwi zisanu, analamula ophunzira ao kuti atole makombo, ndipo anadzaza madengu khumi ndi awiri. Taonani: Mwini zonse, amene akanatha kuchulukitsanso mkate m'mawa mwake, sanalole kuti nyenyeswa zitayike. Nanga ife ndife yani kuti tiziononga?

Kotero inu abambo ndi amai, khalani pansi awiri, muwerenge matumba a chimanga ofikitsa banja ku zokolola zina, ndipo amenewo musawagulitse ngakhale venda atakometsa pakamwa. Kenaka pangananani ndalama ya tsiku limodzi, osaipitirira. Musapeputse zazing'ono: wopatula K500 tsiku ndi tsiku, pakutha chaka ali ndi K182,500. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Komabe ndalama musaigoneke m'chitini nthawi yaitali, pakuti inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo amene anaikwirira anadzapeza kuti sikugulanso zimene inkagula kale. Nkwabwino kugula feteleza msanga, kapena mbuzi, kapena kuika masheya ku banki mkhonde ya anthu okhulupirika.

Tsono mverani bwino, pakuti apa ndi pamene mdyerekezi amalowera. Kudzimana kuli ndi malire ake, ndipo pali anthu atatu amene simuyenera kuwamana. Woyamba ndi mwana. Munthu wamkulu angathe kugona ndi therere, koma mwana wamng'ono ndi mai woyembekezera asowa phala la nsinjiro, nyemba ndi dzira. Mwana wopinimbira chifukwa chosowa zakudya simudzamuwombola ndi ndalama zimene mwasungazo. Wachiwiri ndi wodwala. Ndinaikapo m'manda kamwana kamene bambo wake anakagoneka m'nyumba masiku anai ndi malungo, pokana kulipira kabaza wopita ku chipatala, ndalama ya fodya ili m'thumba. Ha! Misozi ya tsiku limenelo sindidzaiiwala. Mwana akatentha thupi, thamangani naye ku Kabudula, ku St Gabriel kapena ku chipatala chili chonse chapafupi, osawerenga mtengo wa ulendo. Wachitatu ndi mmphawi wofika pakhomo panu. Kumbukirani munthu wachuma wa m'fanizo uja, amene anaganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, nafa usiku womwewo: sanalakwe pokolola zambiri, koma posungira mimba yake yokha, naiwala Mulungu ndi mnzake. Makolo athu anati kupatsa nkuika.

Ndiponso ndili ndi mau kwa inu amuna. Ngati mukuwerengera mkazi wanu mchere ndi mafuta, pamene inu mukutha ndalama ku kachasu ndi ku juga ya mpira, kumeneko si kusunga ai, koma kuba chakudya cha ana anu. Goli la kudzimana lisenzedwe ndi onse, ndipo mutu wa banja ndiye ayambe.

Kwa mai uja ndinayankha kuti: simukuchimwa, pitirizani, malinga ana akudya mokwanira ndipo dzanja lanu silinafumbate. Pakuti waumbombo amatumikira ndalama, koma wosunga mwanzeru amaituma kuti itumikire banja lake.

Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazareti, amene analera Mwana wa Mulungu ndi thukuta la manja ake, atipempherere kuti tidziwe kusunga popanda kuuma mtima. Mulungu akudalitseni nonse.