Pasiwedi yanu ndi siginecha yanu

Ana anga amene mwangoyamba ntchito m'maofesi a zachuma, m'nyumba zosungira katundu ndi m'makauntala a makampani, tcherani khutu ndikuuzeni za kompyuta imene akupatsaniyo.

Kale kampani inkayenda ndi mabuku ambirimbiri. Wosunga katundu anali ndi lake, wogulitsa lake, wa malipiro lake, ndipo mwezi ukatha ankachezera usiku kukangana chifukwa manambala sankagwirizana. Lero mabuku onsewo analowa m'pulogalamu imodzi imene akatswiri amaitcha ERP. Odziwika poipanga ndi SAP, kampani ya ku Germany imene inayamba mu 1972, komanso Oracle ya ku America. Kalaliki akagulitsa matumba 50 a simenti ku nthambi ya ku Mzuzu, nthawi yomweyo chiwerengero cha katundu chimatsika, ngongole ya wogula imalembedwa, msonkho wa VAT umawerengeredwa, ndipo woitanitsa katundu ku Blantyre amaona kuti simenti ikutha. Palibe woimba foni, palibe wodikira kalata.

Koma ubwino womwewo ndiye ngozi yake. Chitsime chikakhala chimodzi, wogwetseramo chonyansa wadetsera mudzi wonse. Chala chikaterereka, n'kulemba 500 m'malo mwa 50, likulu liitanitsa simenti yosafunika, wogula alandira invoisi yabodza, ndipo akauntanti apereka lipoti lolakwika kwa mabwana. Choncho lembani chinthu pa nthawi imene chachitika. Khalidwe loti "ndilowetsa mawa" ndi limene limabala katundu wopezeka pa kompyuta koma wosapezeka pa shelefu.

Mudzaona kuti pulogalamuyi imakana zinthu zina, ndipo mudzaipsera mtima. Siilola kulipira wogulitsa mpaka mapepala atatu agwirizane: oda imene kampani inatumiza, chikalata chosonyeza kuti katundu wafikadi, ndi invoisi. Siilolanso kuti munthu mmodzi alembe malipiro, awavomereze yekha, n'kutulutsanso ndalama. Achinyamata amati uku n'kuchedwetsa ntchito. Ine ndimati kuchedwa kumeneko n'kumene kumakutetezani, chifukwa tsiku la mlandu mudzatha kusonyeza kuti simunali nokha.

Ndifike pa nkhani imene ena a inu munaimva muli ku pulayimale. Boma la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yotereyi yotchedwa IFMIS, ya Epicor, mu 2005, kuti ndalama za maunduna onse zizionekera pamalo amodzi. Mu September 2013, mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, a Paul Mphwiyo, anaomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Lilongwe, ndipo m'masiku omwewo apolisi ankapeza ndalama zankhaninkhani m'mabuti a magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Imeneyo ndiye Cashgate. Akatswiri ofufuza mabuku a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zinasowa pakati pa April ndi September chaka chimenecho. Njira yake inali yosavuta mochititsa manyazi: anthu ankalowetsa malipiro a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, cheke chinkatuluka, kenako ankafufuta zolembazo m'makina. Maiko otithandiza anaimitsa ndalama zothandizira bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana m'masukulu.

Makina aja sanabe tambala. Anaba ndi anthu amene anali ndi mphamvu zolowera paliponse popanda wowayang'ana. Boma linagula IFMIS yatsopano ya SAP, koma pulogalamu yatsopano siisintha mtima wa woigwiritsa ntchito.

Chimene ndikufuna musaiwale n'chakuti pulogalamu yotere imasunga dzina la aliyense wolowamo, ola limene walowa ndi chimene wasintha. Maodita akabwera safunsa kuti pampando panakhala ndani. Amawerenga dzina limene lili pa sikirini. Mnzanu adzati, "Achimwene, yanga yatsekeka, tandibwerekani yanu mphindi ziwiri." Abwana enieniwo, amene mumawaopa, adzati, "Vomereza kaye, mapepala abwera masana." Apa m'povuta, ndikudziwa, chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa. Yankhani mwaulemu, manja kumbuyo ngati mufuna, koma nenani kuti, "Bwana, ndilembereni pa imelo, ndichita." Wofuna zoona alemba. Wofuna zachinyengo apita kukayesa wina.

Phunziraninso kupitirira batani limene anakuonetsani. Funsani kuti chimene mwalowetsa chimathera kwa yani, ndipo chimasanduka chiyani m'mabuku a kampani. Kalaliki wodziwa zimenezi ndi amene amaitanidwa manambala akasokonekera, ndipo ndi amene amakwezedwa.

Mukadzuka pampando, ngakhale mukungopita kukamwa tiyi, tsekani kompyuta. Pasiwedi musailembe pa kapepala n'kumata pansi pa kiyibodi, ndipo musaipereke kwa mnzanu, kwa abwana, ngakhale kwa wa IT amene.