Nkhonya Zopanda Magazi

Tsiku lina madzulo ndidapeza mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 13, atakhala pamkeka maso ali dwii pakanema, zala zili kalikiliki pa chowongolera gemu. Pakanemapo padali munthu ali thapsa pansi akupempha chifundo, gudumu la galimoto likulira pafupi ndi mutu wake. Womuopsezayo adali Batman, ndipo ankafuna kuti munthuyo aulule zimene ankadziwa. Nditatola chikuto cha gemuyo, yomwe adabwereka kwa mnzake, ndidaona nambala 18 pakona, m'kabokosi kofiira. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, mnyamatayo adandiyankhiratu: "Musadandaule amalume, Batman sapha munthu."

Adanena zoona. Kwa zaka zambirimbiri olemba nkhani za Batman asunga lamulo loti ngwaziyi sichotsa moyo wa munthu. Komabe mawu a mwanayo adandisowetsa mtendere kuposa nambala ija. Kwathu malume ndiye mwinimbumba, amene amafunsidwa mwana akasokera, choncho sindikadangopita kukagona. Funso limene lidandikhala mumtima ndi ili: kodi nambala ya pachikuto imamuteteza mwana ku chiyani, ndipo zimene iyo siyeza aziyeza ndani?

Nambalazi zili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1993 aphungu awiri a nyumba ya Seneti ya ku America, a Joe Lieberman ndi a Herb Kohl, adaitanitsa eni makampani a magemu kuti adzayankhepo za nkhanza zopezeka mu Mortal Kombat ndi Night Trap. Poopa kuti boma liwaikira lamulo, makampaniwo adakhazikitsa okha bungwe la ESRB mu 1994. Bungweli limaika zilembo: T kutanthauza zaka 13 kupita m'tsogolo, M zaka 17, ndipo AO ndi za akulu okhaokha. Ku Ulaya ntchito yomweyi ili m'manja mwa PEGI kuyambira 2003, ndipo misinkhu yake ndi 3, 7, 12, 16 ndi 18. Kuno kumwera kwa Africa, bungwe la Film and Publication Board la ku South Africa, lomwe lidabadwa ndi lamulo la 1996, limaikanso zizindikiro zake. Onsewa amayang'ana zinthu zofanana: magazi, kutukwana, umaliseche, mankhwala ozunguza bongo, njuga ndi zoopsa.

Ife amene tidakulira m'Malawi wa chipani chimodzi timachita nthumanzi tikangomva za bungwe louza anthu zoyenera kuonera. Tikukumbukira lamulo la 1968 lomwe lidapatsa Censorship Board mphamvu pa mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Tikukumbukiranso kuti ndakatulo za Jack Mapanje zidachotsedwa m'masitolo mu 1985, mwini wake n'kukhala m'ndende ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri zosiyana. Woletsa amatseka pakamwa pa wolemba ndi maso a munthu wamkulu. Woika msinkhu amangouza kholo zimene zili m'kati, chiganizo n'kulisiyira. Ngakhale khoti lalikulu la ku America, pamlandu wa 2011, lidakana lamulo la boma la California lofuna kulanga ogulitsa magemu ankhanza kwa ana, ponena kuti magemu ali ndi ufulu wofanana ndi wa mabuku. Choncho ine sindikulimbana ndi nambalayo. Ndikuifuna. Dandaulo langa n'loti taikhulupirira pa ntchito imene siingathe.

Taonani mmene nambalayi imapezekera. Mortal Kombat itafika pamakina a m'nyumba mu 1993, kampani ya Nintendo idasandutsa magazi kukhala thukuta lotuwa. Nkhonya zidali zomwezo, kusiyana kudali mtundu wa madzi otuluka m'thupi. Mu 2005 opanga gemu ya The Punisher, momwe wosewera amazunza anthu kuti aulule zinsinsi, adauzidwa kuti alandira chilembo cha AO, chomwe masitolo akuluakulu sankachilandira. Sadachotse kuzunzako ayi. Adachotsa mitundu ya zithunzi pamalo oopsawo kuti zizioneka zakuda ndi zoyera, adabisako zina, ndipo adapatsidwa M. Mu Marvel's Spider-Man ya 2018, wosewera akakankha mdani kuchokera padenga la nyumba yosanja, kangaude amamukola yekha n'kumumata pakhoma, kuti pasaoneke wakufa. Ku America gemu imeneyi ndi ya zaka 13, ku Ulaya ndi ya zaka 16. Mwana ndi yemweyo, gemu ndi yomweyo, koma akawoloka nyanja msinkhu wake wasintha. Apa mpamene timaonera kuti nambalayi si sikelo yoyezera nyama. Ndi maganizo a anthu okhala pakomiti, okhala ndi mantha a dziko lawo.

Magemu a Batman opangidwa ndi Rocksteady ya ku London akuonetsa nkhaniyi bwino koposa. Arkham Asylum ya 2009 ndi Arkham City ya 2011 zidalandira T ku America. M'magemu amenewa wosewera amathyola anthu mikono ndi miyendo, amawapana pakhosi mpaka kukomoka, amawapachika chadodolido, usiku umodzi anthu mazanamazana. Magazi n'ngochepa, ndipo gemu imakutsimikizira kuti onsewo angokomoka. Arkham Knight ya 2015, imene ndidapeza m'nyumba muja, ndiyo idalandira M, ndipo gudumu lija lidali chimodzi mwa zifukwa zake. Tsono kholo lowerenga zilembo lingaganize kuti ziwiri zoyambazo n'zofatsa, yachitatuyo ndiyo yoipa. Ine ndikukayika ngati nkhani ili choncho.

Nkhanza zopanda magazi zili ndi bodza lake. Aliyense amene adadikirirapo wodwala m'chipatala akudziwa chimene chimachitika munthu akamenyedwa mutu pansi pa simenti. Ena sadzuka. Ena amadzuka osadziwa dzina la mwana wawo. Mkono wothyoka wa munthu wodalira maganyu ndi miyezi ya njala pakhomo pake. Gemu ya zaka 13 imachotsa zonsezi, n'kusiya kukoma kwa kumenya kokha. Potero imauza mwana kuti munthu wolungama angathe kugwiritsa ntchito mphamvu zopanda malire, manja ake n'kukhalabe oyera. N'chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene Plato ankadandaula za nthano zimene amayi ndi alezi amauza ana, chachikulu kwa iye chidali bodza lonena za milungu ndi ngwazi, poti mtima wa mwana ndi dothi lofewa lomwe limasunga chidindo choyamba. Mankhwala ake, othamangitsa alakatuli mumzinda, ndimawakana, pakuti tidawalawa kale kuno. Koma matenda adawaona bwino.

Wina angatsutse kuti mwana si chitsiru, amadziwa kusiyanitsa masewera ndi moyo. Ifenso tinkaumba mfuti zadothi ndi kusema za mapesi, tinkaphana kuseri kwa nkhokwe mpaka kuitanidwa kudzadya nsima, koma sitidasanduke zigawenga. Mfundo imeneyi n'njolemera, ndipo ofufuza akuiikira kumbuyo. Mu 2020 bungwe la American Psychological Association lidanena kuti palibe umboni wokwanira woti magemu ankhanza amachititsa anthu upandu, ngakhale lidavomereza kuti pali kugwirizana pang'ono ndi khalidwe la ndewu zing'onozing'ono monga kukalipa ndi kukankhana. Ndikuvomereza zonsezi. Sindikuopa kuti mwana wa mlongo wanga adzaika munthu pansi pa gudumu. Chimene ndikuopa n'chachete kuposa pamenepo, ndipo n'chovuta kuchiyeza m'kafukufuku: maganizo amene akuwamwa pa nkhani ya chilungamo.

M'masewera athu a mfuti zadothi, wophedwa ankadzuka n'kutsutsa kuti chipolopolo chidamuphonya, ndipo tinkakangana mpaka kugwirizana. Mdani adali mnzako, wokhala ndi pakamwa. M'gemu ya ngwazi mlandu umakhala utagamulidwa kale. Batman akayatsa maso ake aukazitape, adani amaonekera ngakhale kuseri kwa khoma, okhala ndi mfuti ali ndi mtundu wawowawo. Sizichitika kuti wamenya munthu wongodutsa. Amene wamuopseza amaulula, ndipo zimene waulula zimakhala zoona. Palibe khoti, palibe mboni, palibe kukayika, ndipo apolisi amafika ntchito itatha kudzathokoza. Ndiponso wosewera saonerera chabe monga wa kufilimu. Chala chake ndicho chimadina batani, ndipo gemu imamupatsa mphotho akamenya mwaluso.

Kodi maganizo amenewa ndi achilendo kwa ife? Wina akakuwa kuti "Wakuba!" mumsika, gulu limathamanga lili ndi chitsimikizo chomwecho. Aliyense m'gulumo amadziona ngati ngwazi imene yatopa ndi kuchedwa kwa makhoti. Magemu sadabweretse mchitidwe umenewu, unalipo iwo asanabwere. Koma m'dera limene anthu amaphedwa chifukwa chongoganiziridwa, nthano yoti munthu wamphamvu wovala chophimba kumaso salakwitsa pozindikira wochimwa si nthano yopepuka. Pamenepa palibe komiti ya ku America kapena ku Ulaya imene ingatiyezere, chifukwa bala limeneli n'lathu.

Chodabwitsa n'choti nthawi zina nkhani zoopsa ndizo zimanena zoona. Mu Arkham Knight, Batman amavutika ndi mantha oti akusanduka Joker, mdani wake wamkulu, ndipo anthu amene amawakonda amavulala kaamba ka nkhondo yake. Mu Injustice: Gods Among Us ya 2013, Superman atapusitsidwa n'kupha mkazi wake Lois Lane, amapha Joker, kenaka n'kudziika kukhala wolamulira wankhanza wa dziko lonse m'dzina la mtendere. Ife a m'chigawo chino sitifunikira kutanthauziridwa nkhani ya mpulumutsi amene adasanduka wopondereza. Komabe gemu imeneyi idalandira T, chifukwa funso lolemera chotere mulibe pamndandanda wa zowerengedwa. Sindikunena kuti tipatse ana magemu a akulu poti ndi oona. Choonadi china chimalemera kuposa khosi la mwana, ndipo pomuteteza ku zithunzi zomulotetsa zoopsa nambala imagwira ntchito yake bwino. Ndikungonena kuti nambala yaing'ono si umboni woti m'katimo mulibe chofunika kukambirana.

Makolo athu sankabisira ana zoopsa. M'nthano za pamoto afisi ankadya ana, zimphona zinkameza midzi, mayi wopeza ankakwirira mwana wamasiye. Tikadati tiziike pasikelo ya PEGI, zina sizikadaloledwa kwa a zaka 7. Koma wosimba adali agogo, amene ankaona nkhope ya mdzukulu aliyense pakuwala kwa moto. Akaona kuti wamng'ono wanjenjemera, ankafupikitsa. Akaona kuti wamkulu akusekerera nkhanza, ankaima n'kumufunsa. Iwo akati "Padangokhala," ife tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo mawu amenewo adali pangano loti palibe amene alowe m'nkhalangomo yekha. Zinsinsi za chinamwali nazo sizinkaperekedwa pongowerenga zaka. Anamkungwi ankayang'ana munthuyo, ndipo pomuuza zaakulu ankakhala naye pomwepo. Nambala ya pachikuto imawerenga zaka za mwana amene sidamuonepo. Kuwonjezera apo, ambiri mwa ana a m'matauni mwathu saona n'komwe chikutocho. Amasewera m'tizipinda tolipiritsa ta kumsika, kapena amalandira gemu yokopedwa kwa anzawo, nambala itatsala kutsidya kwa nyanja.

Usiku umenewo sindidazimitse kanema. Ndidakhala pamkeka pambali pake, ndipo patapita kanthawi ndidamufunsa kuti Batman adadziwa bwanji kuti munthu uja adali wolakwa.

"Gemu imakuuza, amalume."

"Nanga kunja kuno amakuuza ndani?"

Adakhala chete, chala chili pabatani. Kenaka adandikumbutsa yekha za mnyamata wina wa m'dera lathu amene adamenyedwa chifukwa cha foni yomwe idapezeka mawa lake m'thumba la mwini wake. Sindidawonjezere kanthu.

M'mawa ndidamuuza kuti abweze gemuyo kwa mnzake, adzaisewera akakula, pakuti nambala 18 ija ndimailemekeza. Adang'ung'udza monga amachitira ana onse. Koma ndidadziwanso kuti ikadakhala ya zaka 13 ndikadadutsa osaima, mtima uli m'malo, ndipo funso lija silikadafunsidwa. Mlandu umenewo si wa ESRB kapena PEGI. Iwo adachita mbali yawo polemba nambala pakona. Mbali yotsalayo, yokhala pamkeka ndi kuyankha kuti tili tonse, ndi ya amalume.