Kodi mtengo wa pa Chisi ngwayani?

Pali funso limene limandisowetsa mtendere ndikamva mabwana akunena kuti anthu akumudzi "atengeko mbali" posamalira nkhalango. Kodi kumufunsa munthu maganizo n'chimodzimodzi ndi kumupatsa mphamvu? Ine ndikuti ayi, ndipo umboni wanga ndiutenga ku Chisi, chilumba cha pa nyanja ya Chilwa, kwa Mfumu Mkumbira m'boma la Zomba.

Moyo wa pa Chisi ndi nsomba: matemba, milamba ndi makumba. Nsomba siidikira munthu. Matemba amauma ndi dzuwa, koma mlamba umafuna utsi, ndipo utsi umafuna nkhuni. Tsono mayi wowamba nsomba akagwetsa mtengo, sikuti sadziwa ubwino wa mitengo. Akudziwa kuposa ife, poti ndiye amayenda mtunda kukafuna nkhunizo. Chimene akuchita n'kusankha pakati pa mthunzi wa mawa ndi nsima ya lero.

Papepala, Malawi anayankha kale funso langali. Ngakhale atsamunda, m'chaka cha 1926, analola kuti midzi ikhale ndi nkhalango zakezake pansi pa mafumu. Lamulo la nkhalango la 1997 linapitirira apo: mudzi utha kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe, kupanga malamulo ake, ngakhale kugwirizana ndi boma posamalira nkhalango zotetezedwa. Mawu okoma ndithu. Koma tonse tikudziwa mmene misonkhano yambiri imayendera. Pulani imabwera italembedwa kale m'Chingerezi, anthu amaitanidwa pansi pa mtengo, amaomba m'manja, amfumu amasaina, galimoto n'kubwerera kutauni dzuwa lisanalowe. Kumeneko ndiye kutenga mbali, eti?

Kwa ine muyeso wake ngosavuta. Kodi anthuwo ali ndi ufulu wonena kuti "ayi, apa tisinthe", pulaniyo n'kusinthikadi? Kodi amene amadula mitengo, amayi owamba nsomba ndi asodzi obwera, ali m'komitimo, kapena muli abale a amfumu okhaokha? Nanga mtengo ukakula, phindu lake adzadya ndani? Ngati mayankho ake sali bwino, ndiye kuti sitinawapatse nkhalango, tawalemba ulonda wopanda malipiro. Ndipo kumuuza mmphawi kuti alondere chinthu chimene alibe nacho chonena si chilungamo.

Taonani kumanda. M'midzi yambiri momwe mapiri anasanduka mpala, mitengo ya kumanda ikadali chiimire, popanda mlonda wa mfuti kapena alawansi ya wekishopu. Chifukwa chiyani? Lamulo lake anthu amalitcha lawo. Mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2009 poonetsa zomwezi: kuti nkhalango, madambo ndi nyanja zimasamalika pamene ozigwiritsa ntchito ali ndi dzanja popanga malamulo, poona olakwa ndi popereka chilango.

Wina anena kuti, "Achimwene, musawayese angelo anthu akumudzi. Njala ikafika amadula." Zoona zimenezo. Nyanja ya Chilwa inaphwa m'chaka cha 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasandukanso matope. Nsomba zikasowa, nkhwangwa ndiyo imadyetsa banja. Mfumunso itha kugulidwa. Choncho boma lisathawe udindo wake. Koma mfundo imeneyi ikundithandiza ine: pulani yosaganizira chaka cha njala idzasweka chaka cha njala, ndipo wodziwa mmene chaka chotero chimakhalira ndi amene anachiona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa pa kusintha kwa nyengo, imene inayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, inabweretsa nyumba zoumitsira nsomba ndi dzuwa komanso mauvuni osatha nkhuni. Nzeru yake inali yoyamba yafunsa kuti nkhunizo n'zantchito yanji, m'malo mongoletsa. Funso loterolo silingayankhidwe muofesi.

Tsopano ndibwere kwa inu ndi ine, ogula nyuzi ino. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira. Likangala ndi Domasi amachokera ku mapiri a Zomba, ndipo mitengo ikatha m'mapirimo, dothi limakokoloka kukathera m'nyanja yosaya kale. Thumba la makala limene timagula m'mbali mwa msewu lili ndi gawo lake pamenepo. Mlamba wowamba umene timaukonda pa nsima unapsereza nkhuni za winawake. Komatu sindinamvepo munthu wa m'tauni akuitanidwa pansi pa mtengo kuti asaine lonjezo lochepetsa makala. Malamulo timalembera iwo, ndiwo timadya ife.

Nyanjayi dziko lapansi linaizindikira pansi pa pangano la Ramsar, ndipo UNESCO inailemekezanso mu 2006. Ulemu umenewo ngwabwino, koma subzala mtengo. Wobzala ndi munthu wa pa Chisi, ndipo adzabzala tsiku limene "ayi" wake adzakhala ndi mphamvu yofanana ndi siginecha ya bwana. Kufikira tsiku limenelo, tisamatche kuti mgwirizano chinthu chimene mbali imodzi yokha ndiyo imagwira cholembera.