Amene amagona pafupi ndi mpanda

M'chaka cha 2022 magalimoto akuluakulu anachoka ku Liwonde atanyamula njovu, n'kudzazitsitsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu. Zonse zinakwana 263. Ntchitoyi inagwiridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire mothandizana ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW, ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Ku Liwonde njovu zinali zitachuluka kuposa malo. Kuno kwathu zinali zitatsala pang'ono kutheratu: m'zaka za m'ma 1970 zinalipo zoposa 1,000, koma pofika 2015 opha nyama mozemba anali atasiya pafupifupi 50 zokha. Nkhalango yopanda nyama siikopa alendo, ndipo mlendo akapanda kufika ku Lifupa, ndalama imene akanasiyira wophika, woyendetsa galimoto ndi mayi wogulitsa tomato imapita kwina.

Njovuzo zinafika mpanda wamagetsi usanathe kumangidwa. Zimene zinatsatira tikuzidziwa tonse. Minda inatha usiku umodzi, nkhokwe zinagumulidwa, ndipo anthu anafa, kuno ku Malawi ngakhalenso tsidya la malire ku Zambia.

Sitinasonkhane kuti tizenge munthu mlandu, ndiponso ife Abahá'í sitilowerera ndale za zipani. Koma funso limene nkhaniyi yatisiyira ndi la aliyense. Chinthu chikakomera boma lonse la Kasungu, mwinanso dziko lonse, koma zowawa zake n'kugwera mabanja ochepa amene amagona pafupi ndi mpanda, kodi chimenecho n'chilungamo?

Ena amayankha ndi masamu: opindula ndi ambiri, ovutika ndi ochepa, nkhani yatha. Koma masamuwo amabisa kanthu. Phindu la alendo odzaona malo limamwazika ngati mchere mu ndiwo za paukwati. Aliyense amalawako pang'ono, ena osazindikira n'komwe. Tsoka silimwazika. Limagwera khomo limodzi lathunthu, ndipo mwana amene bambo ake anapondedwa ndi njovu sangauzidwe kuti watayako pang'ono pokha. Ena amati chilichonse chopweteka munthu chisachitike. Tikatero sipadzakhala msewu, msika kapena sukulu, pakuti chitukuko chilichonse chimaponda munda wa wina.

Ine ndikuona kuti funso loyamba si lakuti ndani wapindula, koma ndani analipo pogamula nkhaniyo. Amene adzasenze zowawa ayenera kukhala pabwalo nkhani isanagamulidwe. Sikuti tikungomupatsa ulemu ayi. Iyeyo akudziwa zimene ena onse sakudziwa. Mayi wa m'mphepete mwa nkhalango amadziwa podutsa nyama, mwezi umene zimatuluka, dimba limene zimayambira, ndi njira imene ana amadzera m'mamawa popita kusukulu. Bahá'u'lláh anatipatsa kukambirana ngati njira yofufuzira choonadi pamodzi. Tikamusiya panja mayiyo, timulakwira, komanso chigamulo chathu chimatuluka chopereŵera, chifukwa mbali ina ya choonadi yatsala naye kunyumba.

Apa tisiyanitse kukambirana ndi kudziwitsa. Tonse tinakhalapo pa msonkhano umene alendo afika pa galimoto, afotokoza bwinobwino, afunsa ngati pali funso, anthu aomba m'manja, ena asainira kandalama ka nkhomaliro, pomwe zonse zinagamulidwa kale. Choyesera n'chosavuta: kodi pali mawu amene munthu wa pamsonkhanopo akanayankhula n'kusintha tsiku, malo kapena dongosolo la ntchitoyo? Ngati palibe, umenewo unali uthenga chabe.

Papepala, dziko lathu lili ndi makwerero abwino. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linafuna kuti mphamvu zitsike kwa anthu. Maganizo amayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kukwera ku ADC ya dera la mfumu yaikulu, mpaka kukafika ku khonsolo, kumene kumakhala makhansala, aphungu ndi mafumu. Nkhalango ija ili m'manja mwa boma lalikulu, koma mjigo, msika, chipinda cha sukulu ndi maploti a m'tauni zimadzera m'makwerero amenewa. Nthawi zina athyokapo. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala. Koma ngakhale ali athunthu, phazi lawo limaponda pakhomo pa nyakwawa. Nanga amene alibe mudzi kuno akwerera pati?

Ndikunena anthu a m'maesiteti. Kwa zaka zambiri fodya wa chigwa chino walimidwa ndi mabanja ochokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe ndi kwina, okhala m'timisasa taudzu kuseri kwa zigafa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti, koma lamulo silinawapatse mudzi kapena malo omangapo nyumba. Ana awo anabadwira kuno, akumwa madzi a m'dambo lomwe lino. Tsono tikamakambirana pokumba mjigo, timawatumizira uthenga? Ife amene timadandaula kuti a ku Lilongwe atigamulira nkhani tili kumunda, ndife omwe timawagamulira anzathuwa ali kuchigafa. Timati ndi obwera, mawa apita. Chikhalirecho akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Pali mbali yovuta imene sitiyenera kuizemba. Munthu akhoza kuitanidwa, n'kumvedwa, koma chigamulo n'kumutsutsabe. M'chiphunzitso chathu, nkhani ikagamulidwa onse amaichirikiza, ngakhale amene sanagwirizane nayo, kuti ngati ili yolakwika kulakwako kuoneke msanga, n'kukonzedwa popanda kugawanika. Mfundoyi njabwino, koma mkamwa mwa munthu wokhuta ikhoza kusanduka chibonga. Kumuuza mayi amene chimanga chake chatha kuti asunge umodzi, ife tikudya, n'kumunyoza. Umodzi wotere umayenera kupemphedwa ndi anthu amene avomera kusenzako mtolo. Kawirikawiri kusenzako kumaonekera pa chimene chayamba: mpanda uthe, njovu zibwere pambuyo, malo atsopano apezeke, nyumba zigumulidwe pambuyo, msika watsopano ukhale ndi madzi ndi zimbudzi, ogulitsa asamutsidwe pambuyo. Kudikira kumadya ndalama ndi nthawi ya opindula, n'chifukwa chake kumalumphidwa. Ndipo chigamulo chikayamba kuluma, pakhale khomo lobwererapo, wolumidwayo akanene popanda kutchedwa wosokoneza.

Ifenso tili ndi pophunzirira zimenezi. Chaka chilichonse mu April, pa nyengo ya Ridván, timasankha anthu 9 a Bungwe Lauzimu la m'dera mwathu popanda kampeni ndi popanda kutchulirana mayina. Pa Phwando la Masiku 19 pali nthawi yoti aliyense apereke maganizo. Komabe tikumbukire Phwando lapitali: anayankhula ndani? Kodi si omwe aja odziwa kuwerenga, okhala pamipando? Mtsikana amene anakhala pamkeka pafupi ndi chitseko, wochokera kuesiteti, ndani anamufunsa?

Tisanabalalike lero, titchule mabanja a m'dera mwathu amene sitinawaonepo pa msonkhano uliwonse wa chitukuko, ndipo tigwirizane amene akafunse kwa a nyakwawa tsiku limene VDC idzakumanenso, ndi amene akadutse kuchigafa kukawatenga anzathuwo.